Kompyuta yosavuta kuphunzira ndi iti? Zomwe ndidaona ku Tembisa

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti 2007, mayi wina wa ku Mangochi yemwe ndidakhala ndikuwaphunzitsa kompyuta kwa miyezi inayi adalowa m'kalasi mwathu ku Tembisa osapereka moni monga ankachitira masiku onse. Adakhala pampando wawo, manja ali pamiyendo, makina osayatsa. Nditawafunsa ngati kunyumba kudacha bwino, adandiyang'ana nati: "Aphunzitsi, kodi zomwe mwakhala mukutiphunzitsazi ndi kompyuta yeniyeni?"

Lachitatu la sabata imeneyo adaitanidwa kukayesedwa ntchito ya ukalaliki pakampani ina yosunga katundu ku Isando, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Adapatsidwa mphindi 20 kuti alembe kalata, aisunge m'kompyuta ndi kuisindikiza. Kulemba sikudawavute, pakuti zala zawo zidali zachangu kuposa zanga. Mavuto adayamba itafika nthawi yosunga kalatayo. Adafunafuna mawu oti File pakona ya kumanzere, pomwe ine ndidawauza kuti mawuwo sachoka, koma sadawaone. Kompyuta ya pakampanipo idali ndi Office 2007, momwe a Microsoft adachotsa mndandanda wakale uja n'kuikapo chizindikiro chozungulira chopanda mawu. Nthawi idatha mayi aja akuyang'ana sikirini. Ntchito idapita kwa wina, ndipo iwo adabwerera kukachapa ndi kusita m'nyumba ya abwana awo ku Edenvale, uku ana awo awiri akudikira fizi kumudzi.

Funso lawo lidandilasa mtima, chifukwa ineyo ndi amene ndidasankha zoti aphunzire. Kuti nkhaniyi imveke, ndiyambe ndi momwe kalasi yathu idabadwira.

Ndidafika kuno ku Joni m'chaka cha 2003, patangopita zaka zitatu chikhazikitsireni khonsolo ya Ekurhuleni, yomwe idaphatikiza matauni a kum'mawa kwa Johannesburg monga Germiston, Boksburg, Benoni, Kempton Park ndi Springs pamodzi ndi malokeshoni akuluakulu monga Tembisa, Katlehong ndi Daveyton. Kuno n'kwa mafakitale ndi nyumba zosungira katundu, ndipo ntchito iliyonse yokhala pampando inkafuna munthu wodziwa kompyuta. Amalawi ambiri omwe tinkapemphera limodzi adali ndi satifiketi ya Fomu 4, koma adali asadagwirepo kiyibodi chibadwire. M'chaka cha 2006 mkulu wina wa mpingo adatipezera makompyuta asanu omwe ofesi ina inkafuna kutaya. Tidawaika m'chipinda chakuseri kwa tchalitchi, ndipo popeza ine ndinkagwiritsako ntchito kompyuta kuntchito, udindo wophunzitsa udagwera ine.

Makinawo adabwera atafufutidwa zonse za m'kati. Ukawayatsa ankangoonetsa mzere umodzi wa mawu oyera pasikirini yakuda. Apa m'pomwe ndidazindikira kuti kompyuta payokha ndi chitsulo chabe. Imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, yomwe pa Chingerezi amaitcha operating system. Ntchito yake ikufanana ndi ya kapitawo wa paesiteti: salima yekha, koma ndi iye amene amagawa ndime, kupereka makasu, kudziwa komwe chilichonse chasungidwa, ndi kumva madandaulo a aliyense. Ukadina batani, iye ndi amene amauza sikirini choti ionetse, ndipo ukafuna kusindikiza, iye ndi amene amalankhula ndi pulinta. Akapitawo otchuka pamakompyuta a pathebulo ndi atatu: Windows ya kampani ya Microsoft, pulogalamu ya makina a Mac a kampani ya Apple, ndi banja lalikulu la Linux, lomwe lidayamba ndi ntchito ya wophunzira wina wa ku Finland, Linus Torvalds, m'chaka cha 1991.

Aliyense adaganiza kuti tiika Windows XP, yomwe idatuluka mu 2001 ndipo inkapezeka pafupifupi m'kafe iliyonse ya intaneti ndi muofesi iliyonse. Koma laisensi ya Windows ndi ya Office pamakina asanu inkafuna ndalama zomwe mpingo wathu wa anthu olima maluwa ndi olondera m'mageti sukadatha kusonkha. Anyamata ena adati tisavutike, CD yokopera mwakuba imapezeka pamtengo wa buledi. Akulu a mpingo adakana, ndipo ankanena zoona: n'zosamveka kuphunzitsa anthu luso lopezera ntchito yachilungamo pogwiritsa ntchito katundu wakuba, m'chipinda cha tchalitchi.

Yankho lidachokera kwa mnyamata wina wa Chizulu, mwana wa mayi oyandikana ndi tchalitchi chathu, yemwe ankaphunzira za makompyuta kukoleji. Adatiuza za Ubuntu, mtundu wa Linux womwe kampani ya Canonical idatulutsa koyamba mu Okutobala 2004. Mwini kampaniyo, Mark Shuttleworth, ndi mbadwa ya dziko la South Africa, yemwe adalemera atagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999 ndipo mu 2002 adapita m'mlengalenga pachombo cha dziko la Russia. Dzina loti Ubuntu lidatikoka mtima, chifukwa ndi mawu omwewo amene ife timati umunthu. Chodabwitsa china chidali choti masiku amenewo munthu ankangolembetsa pa intaneti, ndipo ma CD ankabwera papositi osalipira kanthu, ndondomeko yomwe idatha mu 2011. Ife tidaika Ubuntu 6.06, nambala yomwe imangotanthauza chaka cha 2006, mwezi wachisanu ndi chimodzi. M'kati mwake mudali kale OpenOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera, komanso Firefox yoyendera pa intaneti.

Ine ndinkaopa kuti ophunzira avutika, pakuti mbiri idali yoti Linux ndi ya akatswiri okhaokha. Zomwe ndidaona zidali zosiyana. Anthu omwe adali asadagwirepo kompyuta sadaone chachilendo chilichonse. Kwa iwo vuto lidali kugwira mausi osanjenjemera, kusiyanitsa kudina kamodzi ndi kudina kawiri, ndi kumvetsa kuti kalata ikachoka pasikirini ndiye kuti siidatayike. Mavuto amenewa ndi amodzimodzi pa Windows, pa Mac ndi pa Ubuntu. Omwe ankadandaula adali aja odziwako kale pang'ono, kuphatikizapo ine. Dzanja langa linkathamangira pansi kumanzere kukafuna batani la Start, pomwe pa Ubuntu ya nthawiyo mndandanda wa mapulogalamu udali pamwamba. Ndidazindikira kuti nthawi zambiri tikamati chinthu n'chosavuta timatanthauza kuti tidachizolowera. Wolima ndi khasu la mpini waufupi amati la mpini wautali limapweteka msana, ndipo mnzakeyo amanena chimodzimodzi za lalifupi.

Izi sizikutanthauza kuti kusiyana kudalibe. Kudalipo, koma kudali pamalo omwe sindinkayembekezera. Ubwino waukulu wa Ubuntu udali woti inkakhululuka. Masiku amenewo mavayirasi ankayenda m'mafulashi kuchokera m'makafe a intaneti, ndipo Windows XP inkatha kutsegula yokha zomwe zili mufulashi ikangolowetsedwa. Anzanga omwe ankaphunzitsa pa Windows ankathera Loweruka lathunthu akuyeretsa makina. Ife mavayirasi amenewo sankatikhudza, chifukwa adalembedwera Windows. Komanso wophunzira sakadatha kuwononga zinthu zofunika za m'kati popanda mawu achinsinsi, omwe ndinkasunga ine. Choncho ndinkatha kuuza mayi wamantha kuti, "Dinani paliponse amayi, simuphwanya kanthu." Munthu yemwe saopa kulakwitsa amaphunzira msanga, ndipo ichi ndidachiona ndi maso anga.

Kuipa kwake kudaonekera tikafuna kulumikiza kompyuta ndi zipangizo zina. Pulinta yomwe tidapatsidwa idabwera ndi CD ya Windows yokha, ndipo padatenga masabata awiri kuti isindikize tsamba loyamba. Nyimbo za MP3 sizinkalira pokhapokha utawonjezera tizidutswa tina kuchokera pa intaneti, yomwe ife tidalibe. Chinthu chikavuta, mnyamata wa Chizulu uja ankatsegula zenera lakuda n'kulembamo malamulo omwe kwa ine ankaoneka ngati mankhwala a sing'anga. Pa Windows, ukasokonezeka unkatha kufunsa aliyense, kaya wokonza mafoni pasiteji ya minibasi kapena mwana wa sukulu. Pa Ubuntu, m'dera lathu lonse tidali ndi munthu mmodzi yekha womufunsa. Akapita kukalemba mayeso, ifenso tinkaima. Paja akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kuphweka kwa makina kumadaliranso kuchuluka kwa anthu okuzungulira omwe amawadziwa.

Makina a Mac ndidawaona koyamba pamalo ena osindikizira makadi a ukwati ku Kempton Park. Kunena zoona, adali okongola, ndipo zinthu zake zidasanjidwa mwadongosolo lomwe munthu amalimva msanga. Kampani ya Apple imapanga yokha chitsulo ndi pulogalamu yomwe, n'chifukwa chake zimagwirizana bwino. Komabe nditakhala pampando ndidasochera ngati mlendo, chifukwa mabatani otsekera zenera adali kumanzere, ndipo kukopera mawu kunkafuna batani la Command m'malo mwa Control. Mtengo wake ndiwo udatseka nkhani. Makina omwe wophunzira sangawagule, ndipo sakawapeza kuntchito komwe akufunsira, sangakhale osavuta kwa iye ngakhale atakongola chotani.

Tsono tibwerere kwa mayi a ku Mangochi aja. Usiku wa Loweruka limenelo sindidagone. Poyamba ndidaimba mlandu Ubuntu, n'kumati ndikadaika Windows zonsezi sizikadachitika. Koma nditaganiza mofatsa ndidaona kuti ndikudzinamiza. Ngakhale akadaphunzira pa Windows XP ndi Office 2003, mawu oti File akadawasowabe, pakuti Office 2007 idasokoneza ngakhale makalaliki omwe adagwira ntchito zaka khumi. Wolakwa ndidali ine. Ndidawaphunzitsa ngati munthu wolondolera mlendo njira ponena kuti ukafika pamtengo wa mango ukhote kumanja, osamuuza dzina la mudzi womwe akupita. Tsiku lomwe mtengowo wadulidwa, mlendo amaima pamphambano. Ndidawaloweza malo a mabatani, koma sindidawafotokozere chomwe chimachitika munthu akasunga kalata, kapena kuti pulogalamu iliyonse yolembera iyenera kukhala ndi njira yosungira, ndipo ntchito yawo ndi kuifufuza mosatekeseka. Sindidawauze ngakhale zoti kudina Control ndi S pamodzi kumasunga kalata pa OpenOffice ndi pa Word yomwe. Mabatani awiri okhawo akadatha kuwapezetsa ntchito.

Loweruka lotsatira ndidawapepesa pamaso pa kalasi yonse, ndipo tidasintha kaphunzitsidwe. Mpingo udasonkha ndalama n'kugula kompyuta imodzi yakale yomwe idali ndi Windows yovomerezeka. Kuyambira pamenepo wophunzira aliyense ankachita ntchito imodzimodziyo pamakina awiri osiyana, ndipo ine ndinkaika manja kumbuyo. Akandifunsa komwe kuli batani, ndinkawabwezera funso: "Mukufuna kuchita chiyani? Nanga mukadakhala inu wopanga makinawa, mukadaliika pati?" Tidatenga bokosi la makatoni, maenvelopu ndi mapepala pofotokozera kuti fayilo ndi pepala, foda ndi envelopu, ndipo kompyuta ndi kabati yosungiramo zonsezo. Tidaloweza njira zachidule zomwe zimagwira ntchito pa Windows ndi pa Linux pomwe: Control ndi C pokopera, Control ndi V pomata, Control ndi P posindikiza, komanso Control ndi Z pobweza cholakwika. Njira yomalizayi ophunzira adaipatsa dzina loti "pepani".

Tidayesanso makina athu ndi chilembo chathuchathu, ŵ wa m'dzina la Malaŵi, yemwe sapezeka pakiyibodi. Mu Word umalemba manambala 0175 kenako n'kudina Alt ndi X. Pa Ubuntu umadina Control, Shift ndi U pamodzi, n'kulemba 175. Palibe njira yomwe munthu angaitulukire yekha popanda womuuza. Phunziro lake lidali lowawa pang'ono: makina onsewa sadapangidwe poganizira ife. Anzathu a kuno adali patsogolo, chifukwa bungwe la Translate.org.za lidamasulira OpenOffice m'zinenero za dziko lino monga Chizulu ndi Chisutu, ndipo mu 2007 nduna za boma la South Africa zidavomereza mfundo yolimbikitsa mapulogalamu omwe aliyense ali ndi ufulu wowaona m'kati ndi kuwasintha. Ife a Chichewa tinkaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, makina ndi Chingerezi cha makinawo. Mawu ngati Save, Cancel ndi Browse ankatenga nthawi yaitali kuposa mausi.

M'mwezi wa Meyi 2008 kalasi idaima. Ziwawa zolimbana ndi anthu obwera, zomwe zidayambira ku Alexandra, zidafalikira m'madera a Ekurhuleni, kuphatikizapo malo a Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 60 adaphedwa. Ophunzira athu ena adakwera mabasi kubwerera kumudzi osatsanzika. Dzina loti Ekurhuleni ndi la Chitsonga, ndipo limatanthauza malo a mtendere, koma mwezi umenewo lidamveka ngati chipongwe. Amene adapulumutsa makompyuta athu adali mnyamata wa Chizulu uja ndi mayi ake. Adawanyamula usiku pawilibala n'kuwabisa kuchipinda kwawo kwa miyezi itatu. Titayambiranso, iye adaumirira kuti aphunzitse Amalawi awiri kukonza makinawo, kuti tsiku lina akadzachoka tisadzasowe pogwira.

Zaka zomwe zapitapo zatsimikizira zomwe mayi aja adandiphunzitsa. Palibe kapitawo yemwe wasiya mabatani ake pamalo amodzi. Ubuntu idasamutsira mabatani otsekera zenera kumanzere mu 2010, idasintha maonekedwe ake onse mu 2011, ndipo idawasinthanso mu 2017. Windows 8 ya mu 2012 idachotsa batani la Start lomwe anthu adalizolowera kuyambira 1995, mpaka madandaulo adachititsa kuti libwezeretsedwe. Windows XP idasiya kulandira chithandizo cha a Microsoft mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo tsiku lothera chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 lidaikidwa pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, imafuna zipangizo zina zachitetezo zomwe makompyuta ambiri akale alibe. Choncho funso lomwe tidakumana nalo mu 2006 labweranso: makina abwinobwino akutayidwa m'maofesi, ndipo masukulu ndi mipingo yomwe iwalandire iyenera kusankha choikamo.

Chinanso chasintha. Achinyamata omwe amabwera masiku ano adayamba ndi foni ya m'manja, ndipo ambiri sadziwa kuti Android yomwe ili m'thumba mwawo idamangidwa pamaziko a Linux. Saopa sikirini monga ankachitira makolo awo. Koma ukawafunsa komwe chikalata chawo chofunsira ntchito chasungidwa, amangoti chili mu WhatsApp. Foni imabisa mafoda kuti ikhale yosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo pochita zimenezo imamulepheretsa munthu kuphunzira dongosolo lomwe ofesi imafuna. Kuphweka pogwiritsa ntchito ndi kuphweka pophunzira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bokosi lathu la makatoni ndi maenvelopu likugwirabe ntchito mpaka lero.

Anzanga omwe akufuna kutsegula makalasi otere ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete amandifunsa kuti aike chiyani. Ndimawayankha kuti ayambe ayankha mafunso atatu. Loyamba, ophunzira anu akakapeza ntchito, akakumana ndi makina otani? M'maofesi ambiri akapezamo Windows ndi Office, choncho ndi bwino kuti pakhale kompyuta imodzi kapena ziwiri zovomerezeka zoti azizolowere. Lachiwiri, makina muli nawowo angathe kunyamula chiyani? Ngati ndi akale, mitundu ya Linux monga Linux Mint kapena Xubuntu, pamodzi ndi LibreOffice yomwe idaphuka kuchokera ku OpenOffice mu 2010, idzawapatsa zaka zina za moyo popanda kulipira laisensi, ndipo masiku ano mapulinta ambiri amalumikizika mosavuta kusiyana ndi kale. Lachitatu, zikavuta mudzafunsa yani? Ngati yankho ndi munthu mmodzi yekha, yambani mwaphunzitsa wachiwiri musadalembe wophunzira aliyense.

Mayi a ku Mangochi aja sadasiye sukulu. Adakhala nafe miyezi ina itatu, akusinthasintha makina monga tidapangana, ndipo chakumayambiriro kwa 2008 adayesedwanso pakampani ina ku Jet Park. Atabwerako ndidawafunsa kuti kompyuta ya kumeneko idali ndi pulogalamu yanji. Adaganiza pang'ono, kenako adaseka nati sadayang'ane n'komwe, chifukwa adatanganidwa ndi kalata. Adagwira ntchito pakampanipo zaka zisanu ndi chimodzi asadabwerere kwawo, ndipo ana awo onse awiri adamaliza Fomu 4.